Njanji ya ku Balaka adzatimangira ndani?

Amalume anakhala pampando wanga Loweruka lina madzulo, magalasi ali pamphuno, laputopu ili patsogolo pawo. Pa sikirini panali gemu yoyendetsa sitima, mutu wa sitima wa Dash 9 ukukoka mabogi a katundu pa Marias Pass, m'mapiri a ku Montana, mitengo ya paini ili ndandanda mbali zonse ziwiri za njanji. Tinali titangodutsa pamwamba penipeni pa chitunda, mamita pafupifupi 1,590 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo njanji inali itayamba kutsetsereka. Ndinawalozera batani lomangira mabuleki ndi lomasulira, ine n'kukhala pambali.

Sanadine kalikonse kaye. Anayang'anitsitsa geji ya mpweya, singano ili pa 90, kenako anafunsa maso ali pa sikirini pomwepo: "Mphwanga, kumbuyoku kuli mabogi angati? Alemera bwanji?" Ndinachita kukafufuza, chifukwa zaka zonse zimene ndakhala ndikuyendetsa sitima za pa kompyuta ndinkangoliza hutala n'kunyamuka. Iwo anagwira ntchito ku Malawi Railways zaka zambiri, poyamba pa yadi ya ku Limbe polumikiza ndi kumasula mabogi, pambuyo pake m'mutu mwa sitima. Munthu wotere sanyamuka asanadziwe chimene wabereka kumbuyo.

Mabuleki a sitima ya katundu ya ku America amagwira mosemphana ndi mmene munthu angaganizire. Pali paipi imodzi yodzaza mpweya, imene imachokera ku mutu mpaka pa bogi yomaliza. Ukafuna kumanga, umatulutsako mpweya m'paipimo. Bogi iliyonse ikamva kuti mpweya watsika, imatapa wa m'kathanki kake n'kukankhira zitsulo zimene zimafinya mawilo. Nzeru imeneyi ndi ya George Westinghouse, ya m'zaka za m'ma 1870, ndipo ubwino wake ndi woti sitima ikaduka pakati, paipi nayo imaduka, mpweya umathawa, mabogi onse n'kudzimanga okha. Koma ili ndi msampha. Sungamasule pang'ono: ukati umasule, wamasula onse, ndipo timathanki tija timafuna mphindi zingapo kuti tidzazenso. Wosadziwa amamanga, kumasula, kumanganso, kumasulanso, ndiye kachitatu kapena kachinayi amangoona kuti wadina koma palibe chikugwira, matani masauzande akumukankha kumsana. Ndi mmene ine ndinkagwetsera sitima pa mtsetse umenewu, ulendo ndi ulendo.

Amalume anatulutsako mpweya pang'ono, kamodzi kokha, n'kuusiya momwemo. Liwiro lotsalalo ankaliweta ndi mabuleki a injini, aja amatembenuza mamota a ku mawilo kukhala ngati majenereta, mphamvu yake n'kumakapsera m'zitsulo za pamwamba pa mutu. Akawonjezera pang'ono, akachepetsa pang'ono, ali phee. "Athu aja anali a vakyumu," anatero, "tinkatha kumasula pang'onopang'ono. Awa ndi ena. Mpweya ndi ndalama, mphwanga, usamaumwaze uli pamwamba pa phiri ulendo ukadali wautali." Anatsika mtsetse wonse osadutsa liwiro lololedwa. Atafika pansi anavula magalasi, n'kupukuta m'maso, n'kunena kuti, "Tsopano tayika ya ku Balaka tione."

"Kulibe, amalume."

"Kulibe bwanji, chonsecho njanji ilipo?"

Kuyambira tsiku limenelo, nkhani iliyonse ya tsogolo la magemu a sitima ndimaiyeza ndi funso la amalumeli. Ife okonda magemu amenewa ndife ochepa poyerekeza ndi a mpira kapena a nkhondo, koma pa kukangana ndiye sitichepa. Ena amati tsogolo lili pa zithunzi, kuti dzuwa liziwala pa njanji ngati zenizeni. Ena amati lili pa magalasi a VR, aja ukavala kumaso umaona ngati uli m'kati mwa gemu. Ena akudikira tsiku limene AI, nzeru zopanga za makompyuta, idzajambule njanji zonse za padziko lapansi yokha. Ine ndaima pena. Gemu ya sitima imene idzakhale ndi moyo zaka 20 zikubwerazi ndi imene imapatsa anthu wamba zida zomangira njanji za kwawo, n'kuwalola kusunga zimene amangazo m'manja mwawo. Sindikulota ayi, chifukwa zinachitikapo kale, ndipo umboni wake ndi phiri lomwe amalume anatsikali.

Njanji ya Marias Pass imeneyi ndi ya mu Microsoft Train Simulator, gemu imene kampani ya ku Britain ya Kuju inapangira Microsoft, n'kutuluka mu 2001. Inabwera pa ma CD awiri, muli njanji 6: ziwiri za ku America, ziwiri za ku Japan, imodzi ya ku Austria, ndi ya Settle–Carlisle ku England, pomwe unkatha kuyendetsa Flying Scotsman ya malasha ija. Ine ndinaipeza mochedwa, pa kompyuta yakale ya msuweni wanga, ndipo usiku woyamba ndinagona tambala atalira. Microsoft inayesa kawiri kupanga yachiwiri, kawiri konse n'kulekera panjira: koyamba mu 2004, kachiwiri mu Januwale 2009 pamene inatseka situdiyo yake ya ACES, imene inkapanganso Flight Simulator. Mwini wake atayitaya chonchi, gemu imeneyi inayenera kuiwalika kalekale.

Sinaiwalike chifukwa m'bokosi lomwelo munali zida zomangira njanji ndi zokonzera maulendo, ndipo mafayilo ake ambiri munthu ankatha kuwatsegula n'kusintha manambala. Zidazo zinali zovuta, zofuna kuleza mtima, koma zinalipo. Anthu a ku Italy, Hungary, Spain, Brazil, Australia anayamba kumanga njanji za kwawo, siteshoni ndi siteshoni, mlatho ndi mlatho, n'kumagawana ulere. Kenako gulu la anthu ongodzipereka linalemba pulogalamu yatsopano yotchedwa Open Rails, yaulere, imene aliyense angathe kuona mmene inalembedwera. Imawerenga mafayilo akale a 2001 aja n'kuwayendetsa bwino kuposa mwini wake. Open Rails 1.0 inatuluka mu 2015, ndipo mpaka lero akuikonzabe. Mpweya umene amalume ankausunga ngati ndalama uja ndi wa mu Open Rails, wowerengedwa ndi anthu amene salipidwa ndi wina aliyense.

Mukafuna kuona kukula kwa nkhaniyi, sakani pa YouTube mavidiyo a sitima za ku India za mu gemu imeneyi. Mupeza mitu ya magetsi ya WAP-7, hutala wake weniweni, kulira kwa mawilo podutsa pa mfundo za njanji, ngakhale mawu olengeza pa siteshoni. Palibe kampani yaikulu imene inawapangira zimenezi. Anyamata a komweko anatenga gemu ya anthu ena n'kuisandutsa yawo. Ku Indonesia zachitikanso chimodzimodzi ndi Trainz, gemu ya ku Australia imene kampani ya Auran inatulutsanso mu 2001, pano ili m'manja mwa N3V Games. Trainz inatchuka ndi chida chake chotchedwa Surveyor, chimene ngakhale mwana wa sekondale angayalire nacho njanji madzulo amodzi. Ndikaona sitima za pa chilumba cha Java mu Trainz mtima umandigunda, chifukwa njanji zawo ndi zopapatiza ngati zathu zomwezi, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri.

Tsono magemu a masiku ano. Dzina lalikulu ndi Dovetail Games ya ku Chatham, ku Kent, imene mizu yake ikuchokeranso kwa Kuju: Rail Simulator ya 2007 inasanduka RailWorks mu 2009, kenako Train Simulator, ndipo kuyambira 2022 imatchedwa Train Simulator Classic. Mu 2017 anayambitsa ina yatsopano, Train Sim World, pa pulogalamu yopangira magemu ya Unreal Engine 4, ndi njanji ya Sand Patch Grade ya kampani ya sitima ya CSX ya ku America. Yachiwiri inatuluka mu 2020, yachitatu mu 2022, kuchokera apo chaka ndi chaka nambala yatsopano. Mu 2023 kampaniyi inagulidwa ndi Focus Entertainment ya ku France.

Pali anzanga amene amanyoza Train Sim World kuti ndi yokongola pamaso pokha. Sindigwirizana nawo. Tsiku loyamba kuona madontho a mvula akutsetsereka pa galasi la kutsogolo, ine n'kutsika m'mutu, kuyenda wapansi m'mbali mwa mabogi kukatembenuza ndi manja mapointi, zitsulo zosinthira sitima kupita pa njanji ina, ndinaiwala kuti ndili m'chipinda changa. Ndipo kuseri kwa kukongolako kuli zinthu zolemera. Tengani PZB, njira yotetezera sitima ku Germany. Ukadutsa siginolo yochenjeza kuti yakutsogolo ndi yofiira, pambali pa njanji pamakhala maginito a 1000 Hz amene amauza sitima. Uli ndi masekondi 4 oti udine batani losonyeza kuti waona. Ukachedwa, sitima imadzimanga yokha mpaka kuima. Ukadina, ngati uli pa sitima yothamanga, uli ndi masekondi 23 oti liwiro litsike pansi pa makilomita 85 pa ola. Pa nthawi yomweyo palinso Sifa, imene imafuna uzisonyeza masekondi 30 aliwonse kuti uli maso. Sabata yoyamba ndinkangoimitsidwa pakati pa tchire. Sabata yachitatu manja anayamba kudziwa okha, ndipo m'pamene ndinamvetsa kuti lamulo lililonse la pa njanji linabadwa chifukwa penapake anthu anafa. Gemu imene ikuphunzitsa mwana wa zaka 12 zimenezi pa PlayStation kapena Xbox, ine ndimaipatsa ulemu.

Pamene pagona nkhani ndi pa ndalama. Njanji iliyonse yowonjezera imagulitsidwa payokha, madola 30 kapena 40, ndipo mutati mugule zonse za Train Simulator Classic pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mungawononge madola masauzande angapo. Chifukwa chake ndimachimvetsa. Kuti njanji imodzi ituluke pamafunika anthu opita kukajambula zithunzi, ojambula mawu a injini, omanga nyumba imodziimodzi, kuphatikiza chilolezo cha eni sitima monga Deutsche Bahn kuti chizindikiro chawo chioneke, pamene ogula ake ndi ochepa. Aliyense ayenera kudya. Koma masamu omwewo ndi amene amachititsa kuti kampani izingozungulira ku Britain, Germany ndi America, kumene kuli ogula, n'kumaponyako phazi ku Austria, Switzerland kapena France mwa apo ndi apo. Mu Train Sim World mulibe njanji ya mu Africa ngakhale imodzi. Si nkhanza. Munthu wowerengera ndalama ku Kent sangavomereze kuti antchito ake athe chaka akumanga Limbe mpaka Balaka, pamene ife amene tingaifune tikuvutika ngakhale kupeza madola ogulira pa intaneti, osanena za bandulo yotsitsira magigabayiti makumimakumi. Choncho kudikira kampani ndi kudikira mvula mu Julaye.

Ndi chifukwa chake ndinasangalala pamene Train Sim World 4 inabwera ndi PC Editor mu 2023, chida cholola anthu akunja kumanga zawo. Ndi cholemera, chimafuna kompyuta yamphamvu ndi mutu wozolowera Unreal, ndipo laputopu yanga singachinyamule. Komabe chitseko chatsegukako, ngakhale pang'ono. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingapemphe opanga magemu onse, ndi choti ndalama zina zimene amathira pa kunyezimira kwa dzuwa azithire pa kupeputsa zida zoterezi.

Chinthu china chimene chasintha maganizo anga ndi SimRail ya ku Poland, imene inatuluka mu Januwale 2023, yopangidwa ndi SimKol, kampani imene imapanganso makina ophunzitsira madalaivala enieni. Njanji yake yoyamba ndi ya pakati pa Katowice ndi Warsaw. Chachilendo chake ndi choti suli wekha. Sitima zina zikuyendetsedwa ndi anthu, ndipo m'nyumba zoyang'anira masiginolo mwakhalanso anthu, aliyense ali kwawo, akutembenuza mapointi ndi kukupatsa njira.

Usiku wina ndinali ndi sitima ya katundu, mutu wa magetsi wa EU07, ndikuyandikira Zawiercie. Siginolo ili psuu. Ndinaima. Mphindi ziwiri, zitatu, zisanu, kuli zii, kungomveka kulira kwa makina a m'mutu. Kenako uthenga unabwera kuchokera kwa woyang'anira siteshoni, munthu amene sindimudziwa ndipo sindidzakumana naye, wondiuza kuti ndidikire, akudutsitsa kaye sitima ya anthu imene yachedwa. Patapita kanthawi sitima ya anthu ija, yothamanga ya Pendolino, inadutsa pambali panga, mawindo ali ngwee, m'kati mwake mulinso munthu wina amene akuthamangitsana ndi nthawi yake. Itangopita, siginolo yanga inasanduka biriwiri. Mphindi 10 zimenezo sindinachite kalikonse, koma ndi zimene ndimazikumbukira kuposa maulendo ambiri amene ndayenda ndekha. Nditawafotokozera amalume anagwedeza mutu n'kunena kuti njanji ndi imeneyo, kuti m'masiku awo popanda chilolezo cha asiteshoni masitala sunkasuntha ngakhale utaona kutsogolo kuli mbee, ndipo theka la ntchito linali kudikira mnzako.

Ndikukhulupirira kuti magemu onse aakulu adzalowera kumeneku, chifukwa amene walawa kuyenda pakati pa anthu enieni savutika kuona kuti njanji yopanda anthu ndi yozizira. Koma ndili ndi nkhawa imene anzanga a ku Ulaya saimva msanga. Kusewera kotereku kumadalira ma server a kampani (makompyuta amene amalumikiza osewera onse), intaneti yosadukaduka ndi magetsi osathima. Kwathu kuno magetsi akathima pakati pa ulendo, netiweki imapita nawo, sitima yako imatengedwa ndi kompyuta, iwe n'kutsala mu mdima ndi ulendo wa maola awiri wosamaliza. Izo n'zopirika. Chachikulu ndi tsiku limene kampani idzaone kuti ma server sakubweza ndalama n'kuwazimitsa. Trainz nayo ili ndi Trainz Plus, yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mafayilo a Marias Pass a 2001 ali pa kompyuta yanga, ndawasamutsa pa makompyuta atatu, ndipo palibe amene angawazimitse ali kutali. Ndikufuna magemu a mawa alole anthu kudzikhazikitsira ma server awoawo, monga imachitira gemu ya Run 8 ya ku America, kuti gulu la anthu khumi lizitha kupitiriza ngakhale kampani itatseka zitseko.

Za VR sindichedwapo. Derail Valley ya Altfuture ya ku Serbia, imene inayamba kugulitsidwa mu 2019, inasonyeza kuti kugwira chogwirira cha mabuleki ndi dzanja lako kumakoma, ndipo imaseweredwanso popanda magalasiwo. JR East Train Simulator ya 2022 inatenga njira ina, yogwiritsa ntchito vidiyo yeniyeni yojambulidwa kutsogolo kwa sitima, choncho palibe chithunzi chopanga chimene chingaipose, koma sungasinthe kanthu, ngakhale mtengo umodzi. Zusi 3 ya ku Germany ndi Run 8 zithunzi zake ndi zachikale, koma ndi zimene anthu ogwira ntchito pa njanji amazitchula mwaulemu. Zonsezi zili ndi malo ake.

Loto limene limakoka anthu ambiri ndi la dziko lonse mu gemu imodzi. Microsoft Flight Simulator ya 2020 inachita zimenezi pa ndege: inatenga zithunzi za Bing Maps, makompyuta n'kumanga okha nyumba ndi mitengo, moti munthu angathe kunyamuka pa Chileka n'kuzungulira phiri la Mulanje. Train Simulator yachiwiri imene inafa mu 2009 ija inkalinganso zofanana, zoika njanji za dziko lonse. Ndiye anthu amafunsa kuti, nanga pano AI yakula chonchi, chikuletsa n'chiyani?

Chikuletsa ndi mtunda wa pakati pa diso ndi nthaka. Uli m'ndege umaona dziko uli kutali, nyumba ikalakwika denga sudziwa. Uli m'mutu wa sitima chilichonse chili pamphuno pako. Choposa apo, sitima imamva chitunda chimene diso siliona. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limayenda mopepuka kwambiri, moti pamalo athyathyathya tani imodzi imangofuna mphamvu yokoka ngati ya makilogalamu awiri. Koma njanji ikamakwera mita imodzi pa mamita 100 aliwonse, tani yomweyo imawonjezera makilogalamu 10. Kachitunda koti woyenda pansi sangakazindikire kamachulukitsa ntchito ya injini kasanu kapena kuposa. Mapu aulere a kukwera ndi kutsika kwa nthaka amene ambirife timagwiritsa ntchito anachokera ku chombo cha Endeavour, chimene chinayeza dziko ndi radar kwa masiku 11 mu Febuluwale 2000, ndipo amapereka nambala imodzi pa mamita 30 aliwonse. Pa mapu otere simuoneka pamene anthu anakumba phiri kuti njanji idutse, kapena pamene anaunjika dothi powoloka dambo. Kompyuta ingathe kukuyalira mzere kuchokera pa mapu aulere a pa intaneti a OpenStreetMap, ingadzale mitengo, ingapeputse ntchito yotopetsa, ndipo thandizo limenelo ndilandira ndi manja awiri. Koma kudziwa kuti pa khona lakutilakuti sitima yodzaza imafuna mchenga m'mawa kukagwa mame, zimenezo zili m'mitu ya anthu ngati amalume.

Ndipo mitu imeneyo ikutha. Apa ndi pamene nkhani ya magemu imandikhudza kuposa kusewera. Ku South Africa kunali sitima ya malasha yotchedwa Outeniqua Choo Tjoe, yoyenda pakati pa George ndi Knysna m'mphepete mwa nyanja. Mvula yamphamvu ya 2006 inagumula njanjiyo, ulendo wa ku Knysna n'kuima. Koma mu Train Simulator Classic njanji imeneyi ilimo, ndipo munthu angathe kuwoloka mlatho wa Kaaimans utsi uli tolotolo. Ife tili ndi yathu yotere. Njanji yoyamba ya dziko lino inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje. Mu 1935 inafika ku Salima, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa. Mu 1970 anatsegula ya ku Nayuchi yolowera ku Nacala, kenako ya ku Lilongwe ndi Mchinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi mu 1980. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo mbadwo wonse wakula osaonapo sitima ikuchoka ku Limbe mpaka ku Nsanje. Anthu amene anayendetsa sitima kutsika mapiri a Thyolo kupita ku chigwa cha Shire akadalipo, koma ndi okalamba. Amadziwa pamene ankayambira kumanga mabuleki, pamene ankalizira hutala chifukwa cha ng'ombe, siteshoni imene ankagulapo nsomba. Buku lingasunge madeti. Kulemera kwa sitima pa mtsetse kungasungidwe ndi gemu yokha.

Choncho ndinayamba kumanga. Sindinayambe ndi Balaka kapena Nsanje, ndinasankha kachigawo kakafupi: kuchokera pa mphambano ya Nkaya kukafika pa mlatho wa Shire ku Liwonde. Ndikugwiritsa ntchito TSRE, chida chaulere chomangira njanji za Open Rails. Vuto loyamba linali njanji yeniyeniyo. Zidutswa zimene zimabwera ndi gemu ndi za mamilimita 1,435, zotambalala ngati za ku Ulaya, moti nditayala koyamba malo anaoneka achilendo ngakhale mapiri anali omwewo. Ndinachita kusaka zidutswa zopapatiza zimene anthu ena anapangira njanji za kwawo. Vuto lachiwiri linali mitengo. M'nkhokwe za gemu muli paini, muli mitengo ya ku Ulaya yamitundumitundu, koma mlambe mulibe, ndipo chigwa cha Balaka chopanda mlambe si Balaka. Ndinaphunzira Blender, pulogalamu youmbira zinthu pa kompyuta, chifukwa cha mtengo umodzi umenewu. Unanditengera milungu itatu, nthambi zake zikuoneka ngati mizu yoloza kumwamba monga uyenera kukhalira, ndipo tsiku limene ndinauimika pambali pa njanji ndinakhala nthawi yaitali ndikungouyang'ana.

Ndinapitanso ku Nkaya ndi foni kukajambula mawu. Ndinakhala pamthunzi kuyambira m'mawa, mayi wina wogulitsa nzimbe akundifunsa ngati ndikudikira mlendo. Chakumasana nthaka inayamba kunjenjemera sitima isanaoneke. Inali ya malasha ochokera ku Moatize, pa ulendo wake wa makilomita 912 wopita ku doko la Nacala-a-Velha. Ndinawerenga mabogi mpaka kupitirira 100, gugudu gugudu, fumbi lakuda likutsalira m'mwamba. Chimene chinandiimitsa mutu ndi mitu yake: ndi ya banja lomwelo la Dash 9 ya General Electric imene amalume anatsika nayo Marias Pass, kungoti iyi ili ndi mizere 8 ya mawilo m'malo mwa 6 chifukwa cha njanji yopapatiza. Kulira kwake n'komwe ndakhala ndikukumva m'makutu kuyambira pa kompyuta ya msuweni wanga ija.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi sitima ya anthu. M'magemu onse amene ndawatchula, okwera amaima mwadongosolo pa pulatifomu, zitseko zimatseguka, masekondi 30 akakwana mwanyamuka. Sitima ya ku Nayuchi siyenda choncho. Ndi msika woyenda. Ikaima, matumba a chimanga ndi mitolo ya nkhuni zimalowera pakhomo ndi pawindo pomwe, madengu a tomato akupatsiranapatsirana pamwamba pa mitu, ana akuthamanga m'mbali ndi nthochi ndi mandasi, wina akukuwira mnzake kuti njinga yatsala pansi. Dalaivala sanyamuka chifukwa wotchi yakwana, amanyamuka katundu akatha. Open Rails imandilola kutalikitsa nthawi yoima pa siteshoni, koma anthu onyamula madengu pamutu ndiyenera kuwaumba ndekha mmodzimmodzi, ndipo sadzayenda, adzangoima ngati zithunzi. Apa ndi pamene ndikufunira zida zabwino, ndi anzanga ena oti tigawane ntchito, wina mabogi, wina nyumba za siteshoni, wina mawu.

Pofika pano ndayala makilomita 7. Sabata yatha amalume anabweranso, ndipo ndinawakhazika pa mphambano ya Nkaya ya mu laputopu. Anayang'ana mlambe uja n'kumwetulira, koma atafika pa mapointi anaimitsa sitima. "Apa walakwitsa, mphwanga. Unayang'ana za lero. Nthawi yathu njanji yodikirira inali mbali iyi, ndipo nyumba ya asiteshoni masitala inali apa." Anapempha cholembera, n'kuthothola tsamba la kalendala yakale, n'kuyamba kujambula kuseri kwake mizere ya njanji mmene inalili asanamange ya malasha, akutchula dzina la malo alionse pamene cholembera chikudutsa. Pepalalo ndalimata pakhoma pamwamba pa tebulo. Tagwirizana kuti ndimanga Nkaya ziwiri, ya lero ndi ya nthawi yawo. Loweruka likubwerali akuti abwera ndi mnzawo wina amene ankayendetsa sitima ya ku Nsanje madzi asanadule pa Chiromo, ndipo andiuza kuti ndigule mapepala okwanira.